CIONGOLERO CIKAYAMBA KUNJENJEMERA, MWINI GALIMOTO ASADIKIRE MAKANIKO WA KU TAUNI

M'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, galimoto yaing'ono yokoka ndi magudumu onse anai imagwira nchito ya ngolo, ya ambulansi ndi ya basi nthawi imodzi. Ndiyo imatenga matumba a feteleza ku depoti, ndiyo imathamangira ku cipatala usiku ndi mai wodwala pakati, ndipo mvula ikaononga miseu ya ku Vubwi, ku Chama kapena ya m'cigwa ca Luangwa, ndiyo imaoloka pamene magalimoto ena abwerera. Tsiku limene galimoto yotere ikhazikidwa pa miyala, obvutika ndi anthu a mudzi wonse.

Comvetsa cisoni ncakuti ena mwa magalimoto amenewa amaima kaamba ka tizitsulo tinai timene tingakwane m'dzanja limodzi. Tizitsulo timeneti ndi mabering'i a makingipini, amene gudumu la kutsogolo limatembenukirapo woyendetsa akakhotetsa ciongolero. Mabering'iwa akatha, mwini galimoto amaiimika miyezi yambiri poyembekeza ndalama zolipira makaniko wa ku tauni, kapena amangoiyendetsabe atanyamula anthu, ciongolero ciri kugwedezeka m'manja mwake. Njira ziwirizi nzoipa zonse. Kusintha mabering'i amenewa ndi nchito imene munthu wodekha, wodziwa kugwira sipanala, angaicite pabwalo pa nyumba yake, ndipo nkoyenera kuti eni magalimoto a kumidzi aiphunzire ndi kuicita mwa dongosolo lake.

Acikulire akumbukira zimene zinacitika mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975. Ndalama za kunja zinasowa, masipeya anasowa m'masitolo, ndipo kuseri kwa maofesi ambiri kunadzaza ma Land Rover okhala pa miyala, ena akuzulidwa zitsulo kuti anzao ayende. Anthu anaphunzira m'zaka zimenezo kuti kugula galimoto nkwapafupi kuposa kuisunga. Masiku ano masipeya amapezeka ku Lusaka ndi ku Chipata. Cimene cikusowabe ndi luso lokhala pafupi ndi galimotoyo, kumudzi kumene imagona.

MMENE MWENDO WA KUTSOGOLO UNAPANGIDWIRA

Citsanzo cabwino ndi tigalimoto ta Suzuki. Kampani ya ku Japan imeneyi inatulutsa Jimny yoyamba m'caka ca 1970. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera SJ410, kenaka SJ413 m'caka ca 1984, ndipo ku India anayamba kupanga mbale wake wochedwa Maruti Gypsy m'caka ca 1985. Mtundu wina wa Jimny unatuluka m'caka ca 1998, ndipo wina m'caka ca 2018. Ngakhale maonekedwe asintha, onsewa ali ndi ekiselo imodzi yolimba kutsogolo, yocokera ku gudumu lina kufika ku linzake monga ya ngolo. Land Cruiser ya kuchire ndi Land Rover yakale zinapangidwa mofanana ndithu, kungoti zitsulo zake nzazikulu ndi zolemera.

Ku mapeto onse awiri a ekiselo kuli mutu wobulungira wonga cipanda, wa mphako m'kati. Mutu umenewu wabvekedwa cigoba ca citsulo cimene cimanyamula gudumu ndi mabuleki. Cigobaco cimazungulira pa makingipini awiri, ina pamwamba ina pansi, monga citseko cizungulira pa mahinjesi ake, ndipo kingipini iriyonse imalowa m'bering'i yake. Motero mbali iriyonse iri ndi mabering'i awiri, galimoto yonse anai. M'kati mwa mphako muja mumadutsa shafiti yopereka mphamvu ku gudumu, ndipo pomwepo pali mfundo yake yopindika imene amakaniko amaicha CV.

Mabering'i amenewa ali ndi tizitsulo tobulungira tocepera mbali imodzi ngati citsononkho, toyenda m'kati mwa mphete yolimba imene amati kapu. Mtundu umenewu unadziwika ndi Henry Timken, mmisiri wopanga ngolo za akavalo ku St. Louis m'dziko la America, amene analembetsa luso lake m'caka ca 1898. Ubwino wake ngwakuti umasenza katundu wopanikiza kucokera pamwamba ndiponso wokankha kucokera m'mbali. Pa Jimny ya 1998 mpaka 2018 nambala yake ndi 30302, ndipo ndi kanthu kakang'ono zedi: bowo lake ndi mamilimita 15, m'mimba mwake monse mamilimita 42.

Kanthu kameneka kamagwira nchito yowawa. Bering'i ya gudumu imazungulira ulendo wonse, ndipo girizi amafalikira paliponse. Koma bering'i ya kingipini imangotembenuka pang'ono kumanja ndi kumanzere; nthawi yambiri imakhala malo amodzi, ikulandira nkhonya ya dzenje liri lonse ndi mzere uli wonse wa mseu wa dothi. M'kupita kwa nthawi tizitsulo tija timasindikiza timaenje m'kapu. Mdani waciwiri ndi madzi. Kuseri kwa cigoba kuli mphira wopukuta mutu wobulungira uja kuti matope asalowe. Mphirayo akatha, kapena mutuwo ukacita dzimbiri nukhala wokhakhala, madzi a mtsinje amalowa ndi kukhazikika pansi, pamene pali bering'i ya munsi. Ndico cifukwa cake ya munsi ndiyo imayamba kufa. Mdani wacitatu ndi mafuta a m'difu. Cotsekera ca mphira ca m'kati mwa ekiselo cikatha, mafutawo amatsikira m'mphako, nasungunula girizi, natuluka naye kunja. Walira mvula walira matope: galimoto yogulidwira kuoloka mitsinje iyenera kuonedwa miyendo dzinja liri lonse likatha.

ZIZINDIKIRO ZOSAYENERA KUNYOZEDWA

Galimoto imacenjeza isanagwe. Cizindikiro coyamba ndi phala lakuda la mafuta osakanizika ndi girizi, lokha kuseri kwa gudumu la kutsogolo. Caciwiri ndi kugogoda kwa pansi podutsa pa miyala, ndi matayala a kutsogolo odyeka mbali imodzi. Cacitatu, coopsa kopambana, ndi kunjenjemera kwa ciongolero. Kumayamba kawirikawiri pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ola, gudumu likagunda kadzenje, ndipo kumakula mpaka galimoto yonse igwedezeka ngati cigayo. Sikuleka mpaka woyendetsa atacepetsa liwiro kwambiri. Zikacitika pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kutsogolo kukubwera lole yodzaza katundu, mapeto ake angakhale maliro.

Kunjenjemera kumeneku kungabwerenso ndi matayala osalinganizidwa, mphira zakutha za m'mikono yogwira ekiselo, kapena mfundo zakutha za ndodo zokhotetsa magudumu. Cotero munthu wanzeru amayamba wapima asanagule kanthu. Kupimako sikufuna makina. Gudumu likwezedwe, munthu aligwire dzanja lina pamwamba lina pansi, naligwedeze. Likaseweza, mnzake aponde buleki ndipo iye agwedezenso. Kusewezako kukaleka, bvuto liri m'bering'i ya gudumu, pakuti buleki yamanga gudumu ku cigoba. Kukapitirira buleki iri cipondere, ndiye kuti cigoba comweco ciri kugwedera pa makingipini ake, ndipo mabering'i ake atha.

NCHITO YAKE SI YA MATSENGA

Zida zofunika nzocepa: jeke, zocirikizira za citsulo, bokosi la masipanala, nyundo, kamtengo ka citsulo kogogodera, pulayala yocotsera kamphete kotsekera shafiti, cida cotulutsira mfundo ya ndodo yokhotetsa, palafini wotsukira, ndi girizi wosasungunuka ndi madzi. Jimny imafunanso sipanala ya mabauti a mutu wonga nyenyezi. Zogula ndi mabering'i awiri a mbali iriyonse pamodzi ndi makapu ake, mphira wa kuseri kwa cigoba, cotsekera mafuta ca m'ekiselo, ndi mankhwala omatira oteteza madzi. Kusintha mabering'i ndi kusiya zotsekera zakale ndi kufolera nyumba ndi udzu wovunda.

Coyamba ndi citetezo ca wogwira nchito. Galimoto iime pa nthaka yolimba ndi yosalala, magudumu a kumbuyo atachingidwa. Jeke nchito yake nkukweza basi. Galimoto ikhale pa zocirikizira kapena pa zipika zazikulu za mtengo wolimba. Njerwa zimaphwanyika mosacenjeza, ndipo siziyenera kukhulupiriridwa ndi moyo wa munthu. Ana akhale kutali. Pansi payalidwe saka yoyera kapena lona, cifukwa kamcenga kocepa kolowa m'girizi kamadya bering'i yatsopano monga mwala wonolera udya mpeni.

Gudumu likacoka, cogwirira mabuleki cimasulidwe ndi kupacikidwa ndi waya, cisalendewere pa paipi yake ya mphira. Kenaka zicoke mbale ya buleki, cibvundikiro ca pakati pa gudumu, kamphete kotsekera, ndi mabauti ogwira citsulo cimene gudumu limazungulirapo. Shafiti isololedwe mosamala ndi kuikidwa pamalo oyera. Pa Jimny pali timapaipi tiwiri ta mpweya tolumikiza magudumu a kutsogolo. Tiikidwe cizindikiro kuti tisasinthanitsidwe pobwezera. Ndodo yokhotetsa ikamasulidwa, ndi mphira wa kuseri atacotsedwa, kwatsala mabauti anai a kingipini iriyonse. Makingipini akazulidwa, cigoba cimacoka m'manja.

Pamenepo mwini galimoto amaona ndi maso ake cimene cinali kumbvuta: bering'i yofiira ndi dzimbiri, nthawi zina yomwazika tizitsulo, ndi kapu ya mizere. Makapu akale amatuluka pogogoda pang'onopang'ono kucokera m'kati, mbali iyi ndi mbali iyo. Zonse zitsukidwe, ndipo mutu wobulungira upalidwe dzimbiri mpaka usalale. Kapu yatsopano ilowe moongoka, ndipo nyundo isaikhudze; kapu yakale ndiyo iikidwe pamwamba pake ndi kulandira nkhonya, kufikira kulira kwa citsulo kutasintha, kusonyeza kuti yafika pansi. Girizi akanikizidwe ndi cikhatho mpaka atulukire mbali ina ya bering'i. Kupaka pamwamba pokha nkudzinamiza.

Pa magalimoto a SJ pali cina cofunika kusamala. Pansi pa mutu wa kingipini pamakhala timapepala ta citsulo topyapyala timene timalamulira kuthina kwa mabering'i. Kingipini iriyonse isungidwe ndi timapepala take, ndipo ya pamwamba isasinthane ndi ya pansi. Kuthinako kumayesedwa ndi sikelo yolendewera, yonga ija ogula nyemba ndi nsawawa amayenda nayo: imakoledwa pa dzanja la cigoba, nikokedwa, ndipo nambala imene isonyeza cigoba cikayamba kuyenda iyerekezedwe ndi ya m'buku la galimotoyo. Mabauti a makingipini ngang'ono, ndipo wowamanga ndi mphamvu zonse za mlimi amawadula kapena kupukusa mazinga ake. Muyeso wake uli m'buku lomwelo, ndipo sipanala yoyezera kulimba ndiyo imautsata. Zonse zikabwerera m'malo, mafuta a m'difu aonjezedwe, buleki ipondedwe kangapo mpaka ilimbe, ndipo ulendo woyamba ukhale waufupi, wapang'onopang'ono, wopanda wokwera. Pobwerera mabauti onse aonedwenso.

Wocita koyamba apatule tsiku lathunthu pa mbali imodzi, ndipo asamasule mbali yaciwiri yoyamba isanathe, kuti akaiwala kakhalidwe ka citsulo akaonere ku mbali inayo. Foni ya m'manja yojambula zithunzi ithandizanso: cithunzi cimodzi asanamasule cinthu ciri conse. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

MAU A OTSUTSA

Ena adzanena kuti ciongolero ndi moyo wa anthu, ndipo sicoyenera kugwiridwa ndi munthu wosapita ku sukulu ya umakaniko. Mau amenewa ngolemera, ndipo asakanidwe mwacibwana. Zoona, bauti loiwalika pa kingipini lingaphe anthu. Koma ofunsa afunsenso kuti cimacitika nciani pamene nchitoyi isiyidwira garaja yokha. Kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 180, ndipo kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pafupifupi 570. Kuti galimoto yodwala ifike kwa katswiri, iyenera kuyenda mtunda wonsewo ndi matenda ake omwewo, pa mseu wa tala pamene liwiro limautsa kunjenjemera. Mwini wake akawerenga mafuta, malo ogona, cakudya ndi malipiro a makaniko, amazengereza, ndipo galimoto imapitiriza kunyamula anthu iri yoopsa. Ngozi yaikulu imabadwa m'kuzengereza kumeneko.

Komanso wokonza galimoto yake sathamangira kasitomala wina. Amatsuka bwino, amaika girizi wokwanira, ndipo amadziwa kuti m'galimotomo mudzakwera ana ake. Cofunika ncakuti adziwe malire ake. Akapeza mpando wa kapu utakula kotero kuti kapu yatsopano ingogweramo, akapeza mng'alu pa cigoba, mazinga a mabauti atapukusika, kapena ekiselo itapindika, aleke pomwepo ndi kuitana wodziwa. Safunsa anadya phula. Ndiponso munthu amene sanasinthepo ngakhale mabuleki asayambire pa makingipini ali yekha. Ulendo woyamba akhale ndi mnzake amene anaicitapo.

Enanso adzati zimenezi zidzalanda nsima pakamwa pa amakaniko. Koma makaniko wabwino sasowa nchito. Injini, giyabokosi, difu ndi magetsi a galimoto zidzamfunabe. Mwini galimoto wodziwa za m'kati mwa mwendo wa galimoto yake amafika ku garaja msanga, amafotokoza bvuto momveka, ndipo sanamizidwa. Wodandaula ndi makaniko uja yekha amene amadyera pa umbuli wa anthu.

ZIGAMBA ZIMENE ZIMAPHA

Kukonzera pakhomo kuli ndi mbiri yoipa cifukwa ca anthu ofuna zapafupi, ndipo macitidwe ao ayenera kudzudzulidwa poyera. Alipo amene amacotsa timapepala ta citsulo tija kuti bering'i yakutha ithine, ndipo galimoto imaoneka ngati yacira kwa milungu yowerengeka, pamene kapu iri kudyeka koposa kale. Alipo amene amadula citini ca mafuta ophikira ndi kucikulunga pa kingipini. Alipo amene amasintha bering'i nasiya kapu yakale cifukwa kuitulutsa nkotopetsa. Ena amamanga citsulo coletsa kugwedezeka pa ndodo ya ciongolero kuti manja asamve kunjenjemera, monga munthu womwa mankhwala a mutu pamene cironda ciri kunyeka m'mwendo. Zonsezi ndi kubisa matenda, ndipo matenda obisika amaululika ndi maliro.

Bvuto lina liri m'masitolo. Pali mabering'i abodza oikidwa m'mabokosi okongola olembedwa maina a makampani odziwika monga Koyo, SKF ndi Timken. Citsulo cake ncofewa, ndipo satha dzinja limodzi. Wogula apite ndi bering'i yakale kuti ayerekeze, aone ngati nambala ndi dzina zalembedwa bwino pa citsulo comweco, apemphe lisiti, ndipo acenjere ndi mtengo wotsika mokaikitsa. Pa nchito imene imadya tsiku lonse, kupulumutsa makwaca ocepa pa bering'i ndi kugula tsiku lina la nchito yomweyo.

Lamulo nalo liri ndi mbali yake. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la caka ca 2002, ndilo limapima magalimoto ndi kupereka citupa ca fitinesi, ndipo ciongolero ndi cimodzi mwa zimene opima amaona. Wokonza pakhomo asaope kupimitsa. Maso a wopima ndi mboni yaciwiri pa nchito yake.

COYENERA KUCITIKA

Mutu umodzi susenza denga. Sipanala yoyezera kulimba, zocirikizira ndi buku la galimoto ndi zinthu zimene munthu mmodzi angazigwiritse nchito kamodzi pa caka. Magulu a alimi ndi makopaletivu, amene amasonkha kale ndalama za mbeu ndi feteleza, angathe kugula bokosi limodzi la zida, kulisunga kwa mlembi, ndi kumabwereketsa molemba m'buku. Bokosi lomwelo lidzathandiza pa ngolo, pa cigayo ndi pa thalakitala.

Masukulu a nchito za manja oyang'aniridwa ndi TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute, angacite bwino kuganizira maphunziro afupiafupi a masiku owerengeka, opita kumaboma m'nyengo ya cilimwe, ophunzitsa eni magalimoto ndi oyendetsa a zipatala za kumidzi, a mishoni ndi a makopaletivu kupima ndi kukonza miyendo ya kutsogolo. Acinyamata amene anatsiriza maphunziro otere nakhala kumudzi osagwira nchito ali ndi mwai pano: mmodzi wa iwo, ndi bokosi la zida pa njinga, angatumikire dera la mfumu yonse. Atsikana asasiyidwe kumbuyo, pakuti nchito imeneyi imafuna maso ndi kudekha koposa mphamvu.

Nthawi yabwino ndi pakati pa kukolola ndi mvula yoyamba, pamene bwalo liri louma, ndalama za cimanga, thonje ndi soya ziri m'thumba, ndipo galimoto ingapume masiku awiri popanda wobvutika. Mwini galimoto ali yense wa kumudzi akweze gudumu la kutsogolo mwezi uno, aligwedeze pamwamba ndi pansi, nasuzumire kuseri kwake. Akapeza kuseweza kapena phala la mafuta, agule zofunika, aitane mnzake wodziwa, ayale saka pansi, ndipo mitsinje ikamadzaza mu Disembala galimoto yake idzakhale itaima pa miyendo yolimba.